Kulemba tsiku lililonse: yankho kwa achimwene a ku Kapiri

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Kapiri, m'boma la Mchinji. Dzina ndasunga. Akuti chaka chitangoyamba analumbira kuti tsiku lililonse azilemba kankhani kamodzi ka zaulimi n'kuika pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a alimi anzake. Miyezi inayi wakwanitsa osajomba. Tsopano akuti: "Zimene ndikulemba masiku ano ngakhale ine mwini sizikundigwira mtima. Ndikadumpha tsiku ndikuopa kuti anthu andiiwala, ndikalemba ndikuchita manyazi. Nditani?" Wanditumiziranso nkhani zake zisanu.

Achimwene, zonse zisanu ndawerenga. Imodzi ndi yabwino kwambiri, tibwerako. Zinayizo zikuonekeratu kuti munalemba usiku, tulo tili m'maso, pongofuna kuti tsiku lisapite pachabe.

Ine ndinakulira pa fodya kuno ku Kasungu, ndiye mundikhululukire, fanizo langa lichokera komweko. Nazale imafuna madzi m'mawa ndi madzulo, kaya mwadzuka ndi mutu kaya kumudzi kwagwa zovuta. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mukangojomba masiku awiri mbande zapserera. Koma ndani amapita ku okushoni ya fodya ku Chinkhoma tsiku lililonse? Fodya timathyola, timasoka, timapachika m'chigafa, timadikira aume, kenako timakhala pansi kusankha: wapansi payekha, wapakati payekha, wakunsonga payekha. Kudinda belo kumabwera pomaliza. Wothamangira kudinda, n'kusakaniza magiredi, belo yake imabwezedwa ku okushoni, apo ayi ogula amaipatsa mtengo wa tsamba loipitsitsa limene aliona.

Inuyo mwaphatikiza ntchito ziwirizi. Kulemba ndiko kuthirira nazale, ndipo kumeneko musasiye ngakhale tsiku limodzi. Kuika pagulu ndiko kupita ku okushoni. Lumbiro lanu lija linayenera kugwa pa kope, osati pa foni.

Mwina mukudziyerekeza ndi nyuzipepala. The Daily Times ndi The Nation zimatuluka tsiku ndi tsiku, inde, koma kuseri kwake kuli atolankhani ambirimbiri, ndi akonzi amene ntchito yawo ndi kubweza nkhani yosapsa. Ndipo taonani masamba awo a Chichewa: Tamvani wa mu Weekend Nation ndi Tikambe wa mu Malawi News amatuluka kamodzi pa sabata. Inu muli nokha. Mtolankhani ndinu, mkonzi ndinu, wogula bando ndinu, wokatchajitsa foni pa sola ya aneba ndinunso, komanso munda ukukudikirani.

Ndikunena izi chifukwa ndinapsa nazo. Chaka china, nthawi yokolola, ndinalibe cholemba, ndiye ndinangotola mtengo wa soya umene ndinamva mu minibasi, n'kulemba ngati ndinauona ndi maso. Mayi wina wa kwathu anachita hayala ngolo, n'kupita ndi matumba ake pamsika. Anakapeza mavenda akugula motsika kwambiri. Sanandikalipire. Titakumana ku tchalitchi anangoti, "Aphunzitsi, tinapitatu." Mpaka lero ndikalemba za mitengo, anthu a dera limenelo amayamba afunsa kaye kwina. Nkhani za munda zili choncho: munthu akaziwerenga amakachitadi, ndipo wolakwitsa ndinu koma wolipira ndi iye.

Tsono musamve ngati ndikukupatsani chilolezo chogona. Ndikudziwa anzanga amene anati adzalemba akadzapeza nkhani yakupsa bwino, mpaka pano zii. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Sankhani masiku awiri, tinene Lachiwiri ndi Loweruka, muwauze owerenga anu, ndipo masiku amenewo nkhani izituluka zivute zitani. Munthu amazolowera tsiku ngati mmene amazolowerera tsiku la msika. Masiku enawo lembani m'kope zimene mwaona ndi kumva, mizere isanu yokha yakwana, ndipo nkhani iliyonse izigona usiku umodzi musanaitulutse. M'mawa muiwerenge mokweza. Pamene lilime lapunthwa, pamenepo pali vuto. Dzina la mankhwala, muyezo wa feteleza, kutalikirana kwa mapando, izi kafunseni alangizi, musamalote.

Ngati chala chikuyabwabe tsiku lililonse, zilipo zazing'ono zosafuna kusankha: mvula yagwa kwanu usiku, mtengo umene mwauona nokha pa msika wa Kamwendo, bola munene malo ndi tsiku. Zimenezo ndi uthenga, musazikoke kuti zikhale nkhani.

Zoti akuiwalani, ndisakunamizeni, ena adzagwa m'njira. Komanso dzifunseni: m'magulu a WhatsApp amene mulimo, uthenga wa munthu wotumiza tsiku lililonse mumautsegula?

Tibwere ku nkhani yabwino ija, ya chuku mu mtedza. Munafotokoza mmene ena amawazira madzi mtedza kuti makoko afewe posenda, ndi mmene chinyezi chimenecho chimaitanira chuku, chimene chimabala poizoni wa aflatoxin, wowononga chiwindi komanso wotsekereza mtedza wathu ku misika yakunja. Mmenemo mukumveka mawu a munthu amene anakhala pamphasa ndi osenda mtedza. Koma munaidula pakati, mwina poti mawa lake panafunika ina. Simunanene za kuyanika: kusanja mtedza mulu wozungulira uja wa Mandela, masamba kunja mtedza m'kati, m'malo mouyala padothi. Simunanenenso chochita ndi mtedza wonyala ndi wobooka, umene ambiri amausinja nsinjiro za ana m'malo moutaya. Ibwerereni nkhani imeneyo sabata ino, mukacheze ndi amayi awiri atatu amene amasenda, ndipo ikatha munditumizire ndisanaione pagulu.