Ku Peru ndi ana: musakagone ku Cusco usiku woyamba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena okhala ku Leicester, kwawo ndi ku Dedza. Akuti iwo ndi bambo akunyumba akhala akusunga ndalama kuti akaone Machu Picchu, mabwinja a mudzi wakale wa pamwamba pa mapiri ku Peru, pa holide ya August, koma ali ndi ana awiri, wazaka 9 ndi wazaka 4, ndiye apongozi akuwaopseza kuti mapiri amenewo si a ana. Akufunsa kuti awatenge kapena awasiye kwa azakhali awo.

Achemwali, atengeni anawo. Koma apongozi anuwo musawaseke, pali pomwe akunena zoona, kungoti chinthu choopsacho si Machu Picchu ayi, ndi Cusco.

Ndikufotokozereni. Ndege zochokera ku Ulaya, kaya mwadzera ku Madrid kaya ku Amsterdam, zimatera ku Lima, mzinda wa m'mbali mwa nyanja. Kuchoka apo mumakwera ina ya ola limodzi ndi theka yokha basi mwafika ku Cusco, pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400. Inu a ku Dedza mumati kwanu ndi kumtunda, koma Sapitwa weniweniyo pa Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye tangoganizani mzinda wathunthu, misika, matchalitchi, mataxi, zonse zili pamwamba kuposa Sapitwa ndipo inu mwafikapo thupi lisanakonzeke. Mpweya kumeneko ndi wopepuka, umapuma koma osakhuta. Eni ake matendawa amati soroche: mutu kuwawa, mseru, kusowa tulo, wefuwefu pa masitepe asanu okha.

Ife tinalakwitsa pomwepa. Tinabuka hotelo ku Cusco komweko poti mitengo inali bwino, usiku woyamba kamtsikana kathu, kanali ndi zaka 5 nthawi imeneyo, kanangoyamba kulira kosatonthozeka, chakudya kukana, kenako kusanza, ine n'kumati ndi matukutuku a mwana wotopa ndi ulendo mpaka kukakalipira, pepani, pamene mwana mutu ukumuwawa koma sakudziwa kunena kwake. Vuto la ana ang'ono ndi limenelo. Wamkuluyo akuuzani kuti mutu, wazaka 4 uja mungoona wasiya kusewera, wafooka kapena wayamba kuvuta mosadziwika bwino. Pa risepushoni anatipatsa oxygen ya m'botolo, mahotelo ambiri kumeneko amakhala nayo, mwana anapezako bwino, koma m'mawa mwake tinanyamuka kutsika.

Ndiye inu chitani chomwe ife tinachita mochedwa. Mukatera ku Cusco musalowe n'komwe mutauni, konzeranitu galimoto ikutengeni pa eyapoti mpaka ku chigwa chomwe amati Sacred Valley, ku Urubamba kapena ku Ollantaytambo, ulendo wosapitirira maola awiri. Kumeneko ndi mamita cha m'ma 2,800, kusiyanako kumaoneka kochepa papepala koma thupi limamva. Khalani masiku awiri atatu osathamanga ndi pulogalamu, ana amwe madzi ambiri, adye zopepuka. Machu Picchu ili m'munsi kuposa pamenepo, mamita 2,430, ndiye Cusco muisiyire kumapeto matupi atazolowera. Ndipo musananyamuke kaonaneni ndi dokotala wanu (GP), makamaka ngati wina ali ndi asima kapena vuto la magazi la sickle cell, limeneli ndi mtunda sizigwirizana ngakhale pang'ono. Mwana akayamba kupuma movutikira ali chikhalire, kudzandira poyenda kapena kusokonezeka mutu, musadikire kuti kuche, dokotala ndi kutsika basi.

Paliponse adzakupatsani tiyi wa masamba a coca, amati amathandiza soroche. Akulu imwani ngati mukufuna, kumeneko ndi wololedwa, ine ana sindinawapatse. Koma chonde musaike mapaketi ake m'chikwama kuti mukagawire anzanu ku Leicester, ku UK ndi mlandu umenewo.

Za Machu Picchu penipeni. Matikiti gulani pa intaneti miyezi ingapo isanafike August chifukwa ndi nyengo yomwe alendo amachuluka, tikiti imakhala ndi ola lolowera ndi njira yake yoyendamo, ndipo pageti amafuna pasipoti ya aliyense ngakhale kamwanako. Sitima mumakwerera pa Ollantaytambo, ya PeruRail kapena Inca Rail, imatsata mtsinje wa Urubamba mpaka ku Aguas Calientes, katauni ka m'munsi mwa Machu Picchu, ndipo kunena zoona ana anga anakondwa ndi sitimayo kuposa mabwinja enieniwo. Kuchoka apo basi imakwera phiri mokhotakhota ngati theka la ola, wochita chizungulire m'galimoto akhale kutsogolo. Zimbudzi zili kunja kwa geti kokha, mkati mulibe, aliyense alowe kaye afune asafune. Pram saloleza ndipo ngakhale akanaloleza ndi masitepe amiyala okhaokha, ndiye tengani chitenje. Musachite nazo manyazi, amayi a Chiquechua, mtundu wa anthu a kumapiriko, amabereka ana kumbuyo ndi nsalu zawo zamawangamawanga ngati ife tomwe, mayi wina pamsika wa Pisac anaima kuyang'ana mmene mkazi wanga wamangira mfundo pachifuwa, anaseka n'kutionetsa mmene iye amamangira yake, chilankhulo sitimamvana koma nkhani inatheka.

Wazaka 9 uja muuzeniko kambiri pang'ono asanafike, kuti mudziwu anaumanga a Inca zaka za m'ma 1400 nthawi ya mfumu Pachacuti, opanda simenti, ndipo dziko lonse linaudziwa mu 1911 Hiram Bingham, wofufuza wa ku America, ataperekezedwa kumeneko ndi anthu akomweko. Wamng'onoyo za mbiri alibe nazo ntchito, iye ndi ma llama basi, ziweto zaubweya za khosi lalitali zomwe zimayendayenda pamenepo.

Zakudya sizinativute. Chimanga chiliko, china cha maso akuluakulu chotchedwa choclo amachiphika n'kugulitsa ndi tchizi, mbatatesi mitundumitundu, nkhuku yootcha ndi tchipisi amati pollo a la brasa ili ponseponse, ndi chakumwa chotsekemera cha chimanga chofiirira, chicha morada. Samalani dzina, chicha de jora ndi mowa ngati masese. Mbira amadya kumeneko, amati cuy, amabweretsa yathunthu ndi mutu ndi mano omwe, ngati ana anu amaweta mbira ngati chiweto chosewera nacho ku UK achenjezeni msanga. Ceviche ndi nsomba yaiwisi, wamng'onoyo ayi. Madzi apampopi osamwa, ngakhale otsukira mkamwa ana gwiritsani a m'botolo.

August kumeneko ndi chilimwe chopanda mvula, masana dzuwa limawotcha khungu mosazindikira ndiye zipewa ndi sunscreen, usiku kumazizira kuposa Dedza wa mu June, majuzi musasiye.

Mukadzabwerera ku Cusco kumapeto, kwerani taxi mupite ku Sacsayhuamán pamwamba pa mzinda. Anthu amapitira makoma amiyala ikuluikulu, koma kuseri kwake kuli thanthwe losalala lomwe ana amatsetserekapo ngati pa slide, athu anakana kuchokapo mpaka buluku la mnyamata linabooka kumatako. Ku Puno ndi nyanja ya Titicaca, mamita 3,800, ndi phiri lamitundu lija mumaliona pa Instagram lomwe limafika mamita 5,000, ulendo uno zisiyeni, mudzapite awiriwiri anawo ali kwa azakhali.