Mtima kugunda mpaka m'makutu pothamanga, vuto ndi chakudya?

FUNSO: Zikomo akulu, ine ndi mnyamata wa zaka 26 wa ku Nchalo, ndikukonzekera Porters Race, mpikisano wothamanga pa phiri la Mulanje. Loweruka lapitali ndinati ndiyese makilomita 25 mu M1 kulowera ku Ngabu, usiku wake ndinangodya nsima pang'ono poti anzanga amati ukakhuta umalemera, m'mawa ndamwa enaji dirinki ndi ma Brufen awiri kuti mawondo asavute. Pofika pa 18 mtima ukugunda mpaka m'makutu, akatumba akukokana, nde madzulo mkodzo kutuluka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndalakwa pati?

YANKHO: Achimwene, ndiyambe ndi mkodzowo chifukwa ndi umene wandidetsa nkhawa. Mkodzo ukhoza kuda chifukwa madzi achepa m'thupi, inde, koma ukafika pa tiyi wopanda mkaka munthu atathamanga chonchi, nthawi zina ndi minofu imene yaphwanyika mkati n'kutulutsa puloteni yake yotchedwa myoglobin m'magazi, ndipo chimenechi chimatha kuwononga impso. Brufen nayenso amachepetsa magazi opita ku impso, nde mwaziwonjezera mtolo zili kale pa ludzu. Pitani kuchipatala akayeze mkodzo ndi magazi ngakhale mukumva bwino lero, mukawauze za mapiritsiwo osabisa, ndipo musathamangenso mpaka atakulolani.

Tsopano za anzanu aja. Akunamizani. Thupi limasunga shuga wotchedwa glycogen m'minofu ndi m'chiwindi, pafupifupi magalamu 500 onse pamodzi, ndipo munthu akamathamanga mwamphamvu amakwana mphindi 90 mwina maola awiri basi. Inuyo munanyamuka nkhokwe ili theka. Shugayo akatha miyendo imalemera, phazi limayamba kumenya tala mwaphuma mosasamala ndipo minofu yotopa ndi imene imavulala msanga. Enaji dirinki siidzaza nkhokwe imeneyi, ili ndi shuga pang'ono wongokunyengani, ndipo caffeine wake amafulumizitsa mtima umene ukuvutika kale.

Nanga mtimawo? Apa ndi pamene ife a kuchigwa tiyenera kusamala kuposa anzathu a ku Thyolo kapena ku Dedza. Kuno mu Okotobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, munthu akhoza kutaya lita imodzi kapena awiri a thukuta pa ola limodzi, magazi amachepa, komanso ena ambiri amathamangira kukhungu kukaziziritsa thupi, nde mtima kuti ukwanitse ntchito yomweyo umangowonjezera kugunda ngakhale liwiro lanu silinasinthe. Ndi zimene munkamva m'makutu zija. Othamanga ambiri akamaliza marathon ya makilomita 42 magazi awo amaonetsa troponin (puloteni ya m'minofu ya mtima) wokwera, chizindikiro choti mtima wagwira ntchito yolemetsa, ndipo amatsika yekha m'masiku ochepa, koma musatengepo chilolezo chonyalanyaza. Kupweteka pachifuwa, chizungulire, kukomoka, mtima kudumphadumpha, imani pomwepo. Mukakhalanso ndi malungo kapena chimfine chotenthetsa thupi osathamanga, olo mpikisano mutalipira kale.

Kadyedwe kake sikafuna ndalama zambiri ayi. Masiku awiri musanathamange mtunda wautali, chulukitsani nsima, kaya ya chimanga kaya ya mapira, mpunga, mbatata, chinangwa, nthochi. Akatswiri amawerengera magalamu 8 mpaka 12 a sitalichi ndi shuga zimene zili m'zakudyazi (osati kulemera kwa chakudya chophikacho) pa kilo iliyonse ya thupi patsiku, ndiye ngati mumalemera makilo 60 ndi pafupifupi theka la kilo kapena kuposerapo, nzambiri ndithu, gawani kadyedwe kanayi kasanu osati mphika umodzi usiku. Ndiwo ikhale nsomba kapena dzira, nyemba ndi kanyenya wa mbuzi zidikire mukamaliza chifukwa zimachedwa m'mimba. Tsiku lenilenilo dzukani maola awiri kapena atatu musananyamuke, phala la ufa woyera lothira shuga ndi nthochi, madzi makapu awiri, basi.

Panjira nyamulani thobwa lothira kamchere kapena ORS, muzimwa pang'onopang'ono mukamva ludzu, osagugudiza madzi okhaokha malita ndi malita chifukwa nazonso zimasungunula mchere m'magazi ndipo nzoopsa. Dziyezeni pa sikelo musanapite ndi pobwera, mukatsika kuposa kilo imodzi ndi theka ndiye kuti mukumwa mochepa. Ndipo chonde muzinyamuka 4:30 m'bandakucha, dzuwa la ku Ngabu likamakwera mukhale mutabwerera kale. Mundilemberenso zimene akakuuzeni kuchipatala.