Mwana waulula za mkulu wa kwaya, nkhani ithere ku mpingo?

Mayi wina wa ku Kapata kuno ku Chipata wanditumizira imelo. Akuti mtsikana wa zaka 13 wawauza kuti mkulu wa kwaya amamugwiragwira akamamuperekeza usiku pochokera ku prakatisi, koma akulu a mpingo akuti nkhaniyi aikambe okha kuti dzina la mpingo lisaipe. Akufunsa kuti achite bwanji.

Amayi, musavomere zimenezo. Uwu ndi mlandu wa kupolisi, si wa bwalo la mpingo ayi. Malamulo a Zambia, Penal Code gawo 138, amati wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 akhale kundende zaka zosachepera 15, mwinanso moyo wake wonse, ndipo kugwiragwira kumene nakonso ndi mlandu. Pitani ndi makolo a mwanayo ku Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza anthu ochitidwa nkhanza, kapena imbani 116, nambala ya Childline yothandiza ana, ndi yaulele. Ngati bamboyo anafika pomugona, thamangani naye ku Chipata Central Hospital kapena kiliniki yapafupi pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala a PEP omuteteza ku HIV, ndipo zovala anavala tsikulo musachape.

Chimene chimandiwawa ine nchoti akulu akati "tiikamba tokha", amayitana mwana, kumukhazika pa benchi pamaso pa azibambo okhaokha, wolakwayo ali pompo ndi Baibulo m'manja, nkumamufunsa kuti nanga unalekeranji kukuwa, kenako pemphero, bamboyo aimitsidwa miyezi ingapo basi wabwereranso ku kwaya komwe kuli ana ena. Mwanayo ndiye amasiya kubwera kutchalitchi. Inuyo musamupanikize ndi mafunso ambiri, muuzeni kuti mwamukhulupirira ndipo wolakwa si iyeyo.

Za kupewa, kauzeni abusa anu kuti lamulo loteteza ana la Children's Code Act la 2022 limafuna kuti malo osamalira ana akhale ndi ndondomeko yowatetezera. Munthu wamkulu asatsale yekha ndi mwana, kaya ndi abusa amene, uphungu uzichitikira poonekera chitseko chili chotsegula. Prakatisi izitha dzuwa lisanalowe. Ku ovanaiti ndi kumisasa ya achinyamata amayi a chigwirizano azigona komwe kukugona atsikana, anyamatanso akhale ndi owayang'anira chifukwa nawo zimawachitikira, kungoti saulula msanga. Ndipo wachilendo akabwera nkufuna kuphunzitsa Sande sukulu, imbani foni ku mpingo wachokerako mufunse chimene chinamuchotsa.