Kuyankha mayi amene afunsa za tsiku la Idi

Mayi, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani Asilamufe sitinena tsiku la Idi nthawi ikadalipo, mpaka inu ogulitsa nkhuku ndi mpunga mumsika wa Mzuzu mumasowa tsiku loodera katundu. Mwafunsanso chifukwa chake Idi imangobwerera m'mbuyo chaka ndi chaka pamene Khirisimasi ili phee pa 25 Disembala. Amene akuyankhani zachipongwe m'munsimu angotayani. Ine ndine Msilamu wa kuno ku Chibavi, si shehe ayi, koma nkhani ya mweziyi ndakula nayo, ndiye ndiyesa kuifotokoza bwinobwino.

Tsikulo sikuti limakhala losadziwikiratu. Limakhala limodzi mwa masiku awiri oyandikana, ndipo masiku awiriwo mutha kuwadziwa pa tsiku loyamba lenileni la kusala. Chimene timadikira mpaka usiku womaliza ndi kuti mwa awiriwo ndi liti basi.

Idi yotsekera kusala, imene imatchedwa Eid ul-Fitr, imakhala pa 1 mwezi wa Shawwal, womwe ndi wotsatana ndi Ramadhani, mwezi wosala uja. Ndiye funso lenileni ndi lakuti Ramadhani amatha liti. Pa kalendala yathu mwezi umayamba kamwezi katsopano kakaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa. Mwezi wakumwambawu, kuchokera pamene wafa kufika pamene udzafenso, umatenga masiku 29, maola 12 ndi mphindi pafupifupi 44. Theka la tsiku simungalilembe pa kalendala, choncho miyezi yathu ina imakhala ya masiku 29, ina 30. Wa masiku 28 kulibe, wa 31 kulibenso. Ndipo palibe mwezi umene uli ndi nambala yakeyake monga mmene Epulo alili ndi masiku 30 chaka chilichonse. Ramadhani wa chaka chino akhoza kukhala wa 29, wa chaka chamawa 30. Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) analamula kuti tiyambe kusala tikauona mwezi, timasule tikauona, ndipo ngati kwachita mitambo tikwanitse masiku 30. Lamulo lonse lagona pamenepo.

China chimene chimasokoneza anzathu n'chakuti kwa ife tsiku limayamba dzuwa likalowa, osati 12 koloko usiku. Kamwezi kakaoneka Lachiwiri madzulo, ndiye kuti Shawwal wayamba nthawi yomweyo, ndipo swala (pemphero) ya Idi ndi Lachitatu m'mawa dzuwa litakwera pang'ono. Kusala pa tsiku la Idi n'koletsedwa, n'chifukwa chake nkhaniyi sitiitenga mwachibwana. Mukalakwitsa mbali iyi mwadya tsiku la Ramadhani, mukalakwitsa mbali inayo mwasala pa Idi.

Tsono madzulo a pa 29 Ramadhani mudzayendeko pafupi ndi mzikiti uliwonse mudzaone. Anthu akangomasula ndi madzi ndi kuswali, amatuluka panja maso onse kumadzulo. Kamwezi ka tsiku loyamba n'kopyapyala ngati chikhadabo chowengedwa, kamakhala m'munsi pafupi ndi pamene dzuwa lalowera, m'kati mwa kufiira kuja, ndipo sikachedwa. Nthawi zambiri ola silikwana kasanalowe nakonso. Kuno kwathu ndiye mavuto, chifukwa zaka zino Ramadhani akumatha mu Malichi kapena Epulo pamene mvula ya ku Mzuzu ili pakati. Mumadziwa nokha mmene kumachitira ikamakwana 5 koloko, mitambo bii, chifunga n'kutsika mpaka mitengo ya paini osaoneka. Anzathu a ku Nkhata Bay nawo thambo lawo loyera lili kummawa, kunyanja, pamene kumadzulo kwatsekedwa ndi mapiri. Ndiye ambiri timangothera pa foni ndi pa wayilesi, kudikira kuti mwina wina wauona ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Chigwa cha Shire. Ku mzikiti anthu amakhala duu, osadziwa ngati aswali tarawehe, swala ya usiku ya m'Ramadhani, kapena ayambe takbira, mawu otamanda Mulungu olandirira Idi, popeza mwezi ukaoneka tarawehe yathera pomwepo. Kunyumba amayi mpunga atasankha kale, nkhuku ili chimangire pakhonde, mpeni osaugwira kaye. Atelala amasoka makanzu a ana mpaka usiku, uku khutu lili ku Radio Islam.

Munthu sangangoimba foni kuti "ndauona" basi dziko lonse n'kumasula. Mashehe amamufunsa kuti unali kuti, inali nthawi yanji, unali mbali iti ya pamene dzuwa linalowera, nyanga zake zinaloza kuti, unali ndi yani. Amafunanso kudziwa ngati ali munthu wokhulupirika kwawoko. Kamtambo kopyapyala kapena mzere wa utsi wa ndege zanamizapo anthu ambiri amene sanafune n'komwe kunama. Pa chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chomwe Asilamu ambiri a kuno timatsatira, mboni imodzi yokhulupirika ndi yokwanira poyamba kusala, koma pomasula pamafunika mboni ziwiri. Umboni ukavomerezedwa, atsogoleri monga a Muslim Association of Malawi amalengeza, ndipo boma limatsatira pa nkhani ya tchuthi. Ndiye tsiku limene mumaliona pa kalendala ya pakhoma kuti Eid ul-Fitr ndi longoyerekeza, osindikiza analiwerengera chaka chisanayambe.

Wina m'munsimu wati, kodi masiku ano a kompyuta simungawerengeretu? Kuwerengera kulipo ndithu, ndipo akatswiri a zakuthambo amadziwa mphindi yeniyeni imene mwezi udzadutse pakati pa dziko ndi dzuwa, ngakhale za zaka 100 zikubwerazo. Koma pa mphindi imeneyo mwezi suoneka. Umafunika utalikirane kaye ndi dzuwa, ndipo pasanathe maola 15 diso la munthu silingauone. Kawirikawiri pamadutsa tsiku lathunthu kapena kuposa apo. Chitsanzo chabwino ndi 2024. Pa 8 Epulo kunachitika kadamsana wa dzuwa ku Mexico, United States ndi Canada, ndipo kadamsana wotere amachitika pokhapokha mwezi uli pakati penipeni pa ife ndi dzuwa. Nthawi ya kuno inali itapitirira 8 koloko usiku. Ku Saudi Arabia tsikulo linali 29 Ramadhani, ndipo aliyense wodziwa masamu anadziwiratu kuti madzulo amenewo palibe chooneka. Anakwanitsa masiku 30, Idi n'kukhala pa 10 Epulo. Kwa ine masamu ntchito yake yaikulu ndi imeneyi, kutiuza madzulo amene kuona n'kosatheka, kuti munthu akabwera ndi umboni pa tsiku lotere afunsidwe kawiri. Mayiko ena monga Turkey anapitirira apo, amangotsata mawerengedwe ndipo masiku a Idi amawalengeza chaka chisanafike. Ambiri mwa maulama athu, akatswiri a chipembedzo, amati lamulo linatchula kuona, ndiye tione. Mkangano umenewu ndi wakale, sutha m'gulu lino.

Za kubwerera m'mbuyo zija ndi masamu osavuta. Miyezi 12 ya masiku 29 ndi theka imapereka masiku 354, nthawi zina 355. Chaka cha Januwale mpaka Disembala chili ndi 365. Kusiyana kwake ndi masiku 10 kapena 11, ndipo amenewo ndi amene Idi imabwerera nawo. Ku Saudi Arabia inali pa 21 Epulo mu 2023, pa 10 Epulo mu 2024, pa 30 Malichi mu 2025. Pakatha zaka pafupifupi 33 imakhala yazungulira nyengo zonse n'kubwerera pomwe inayambira. Mu 2016 tinasala mu Juni, kudzuka kudya daku, chakudya chodya tisanayambe kusala, 4 koloko m'bandakucha kuzizira kwa Mzuzu kuli pachimake, kutawaza ndi madzi oti zala zimachita dzanzi, koma ludzu panalibe. Mu 2005 ndi 2006 kunali kusala mu Okutobala, ndipo amene anali ku Karonga nthawi imeneyo angakuuzeni okha. Mu 2000 Idi ya Fitr inachitika kawiri m'chaka chimodzi, mu Januwale ndi mu Disembala, ndipo mu 2030 Ramadhani adzayambanso kawiri, kumayambiriro a Januwale ndi kumapeto a Disembala.

Inu Akhristu muli nachonso chikondwerero chotsata mwezi, ndiye Pasaka. Imakhala Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu kuyambira pa 21 Malichi, n'chifukwa chake imasuntha. Koma popeza inamangiriridwa ku 21 Malichi, siituluka pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Ayuda nawo amawerenga miyezi ndi mwezi, koma amaonjezera mwezi wa 13 kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse kuti zikondwerero zisachoke pa nyengo yake. Ife kuonjezera kotere kulibe. Aarabu Chisilamu chisanafike ankasuntha miyezi mwa njira yawo, ndipo Qur'an mu Surah 9 ndime 36 ndi 37 inanenetsa kuti miyezi ndi 12 n'kuletsa kusunthako. Zaka timaziwerenga kuyambira mu 622, chaka chimene Mtumiki anasamuka ku Makkah kupita ku Madinah, ndipo amene anakhazikitsa kawerengedwe kameneka ndi Khalifa Umar ibn al-Khattab. Chaka cha 1447 chinayamba kumapeto a Juni 2025. Mukachotsa 622 pa 2025 mupeza 1403, osati 1447. Zaka zapamwambazo zachokera ku masiku 11 aja kuunjikana.

Pali mbali ina imene simunafunse koma ndikudziwa mumaiona, yoti nthawi zina mzikiti uwu waswali Idi lero, winawo mawa, m'tauni imodzi. Gwero lake ndi lakuti kamwezi sikaoneka dziko lonse lapansi madzulo amodzi. Dzuwa limalowa mochedwerapo mukamapita kumadzulo, ndiye kumeneko mwezi umakhala utakulirapo, ndipo nyengo zina umaoneka bwino kum'mwera kuposa kumpoto. Funso n'kukhala lakuti, ukaoneka kutali ife titsatire? Ngakhale maswahaba, anzake a Mtumiki, anakumana nalo. Munthu wina dzina lake Kurayb anachoka ku Syria kumene anaona mwezi wa Ramadhani usiku wa Lachisanu, n'kufika ku Madinah kumene anauona usiku wa Loweruka, ndipo Ibn Abbas, mmodzi wa maswahaba, anati a ku Madinah apitiriza ndi kuona kwawo. A Shafi'i amatsamira pamenepa, kuti dera lililonse ndi thambo lake. Ambiri a chiphunzitso cha Hanafi amati umboni woona ukapezeka kulikonse wakwanira onse. Ena masiku ano amangoti zimene yalengeza Saudi Arabia ndi zomwezo, poti Makkah ili kumeneko. Onjezani pamenepo amalonda a ku Tanzania amene ali ku msika wa Taifa, omwe amamvera Mufti, mtsogoleri wa Chisilamu wa kwawo, ndi abale athu ali ku Joni amene amatumiza mauthenga a mwezi wa ku Cape Town pa WhatsApp. Maganizo anga ndi akuti munthu atsatire zimene alengeza atsogoleri a m'dziko limene akukhala. Idi ndi swala ya gulu, ndipo zimandiwawa kuona banja limodzi bambo akudya pilawu mwana akusala. Komabe amene amatsata njira zinazo ali ndi maumboni awo, si anthu osochera.

Mudzamvanso anthu pa tsiku la Idi madzulo akuloza kumwamba kuti taonani kukula kwake, ameneyu ndi mwezi wa masiku awiri, atinamiza. Kukula si umboni. Mwezi ukalephera kuoneka pang'ono pokha madzulo a pa 29, pofika mawa lake umakhala waonjezera maola 24, ndiye umatuluka wonenepa ndi wokwera ngakhale kuti ndi tsiku lake loyamba kuoneka.

Idi inayo, ya nsembe, yotchedwa Eid ul-Adha, ilibe phuma lotere. Imakhala pa 10 Dhul Hijjah, mwezi womaliza pa chaka chathu, tsiku lotsatira limene ochita Hajj, ulendo wa ku Makkah, amaima pa chigwa cha Arafah. Kamwezi kakaoneka mumakhala ndi masiku opitirira sabata mukudziwa tsiku lake. Imafika patatha miyezi iwiri ndi masiku pafupifupi 10 chichitikireni Idi yoyamba, ndipo imeneyo ndi ya ogulitsa mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe kuposa inu ankhuku.

Tsono za bizinesi yanu, mayi. Mukamva kuti lero Asilamu ayamba kusala, lembani tsikulo kuti 1 n'kumawerenga. Tsiku la 29 ndi la kuyang'ana mwezi. Idi ikhala tsiku la 30 pa kuwerenga kwanuko ngati waoneka, kapena la 31 ngati sunaoneke. Mpunga wa Kilombero, mafuta ndi anyezi sizionongeka, zikhale zitafika pofika tsiku la 25, chifukwa m'masiku omalizawo anthu amagulanso chakudya chopereka kwa osauka, Zakaatul Fitr, chomwe chimayenera kuperekedwa swala ya Idi isanachitike, ndipo ambiri amapereka mpunga kapena chimanga. Nkhuku zifike pa 27 kapena 28 ndi chakudya chake cha masiku atatu, ndipo muzigulitse zamoyo, chifukwa Msilamu amafuna azinge yekha kapena amuzingire Msilamu mnzake. Musawerengere tchuthi cha boma. Idi ikagwa Loweruka kapena Lamulungu tchuthi chimapita Lolemba, pamene ogula anu anadya kale nkhuku zawo. Ndipo foni yanu isazime madzulo a pa 29, chifukwa chilengezo chikangotuluka cha m'ma 7 kapena 8 koloko, makasitomala amene ankazengereza aja amayamba kuimba nthawi yomweyo.