Tochi ya infrared ndi afisi a pakhola

Achimwene, mwafunsa ngati tochi ya infrared ingakuonetseni afisi omwe akumaliza mbuzi kwanu ku Angónia. Payokha ayi ndithu, maso athuwa saona kuwala kwake, pafunika chipangizo choonera mumdima (night vision) kapena kamera yomwe imakugwira. Ya 850nm (nambalayi imasonyeza mtundu wa kuwala kwake) imaponya patali koma pagalasi pake pamafiira pang'ono, ya 940nm siioneka koma mtunda ndi waufupi, ndiye poti ndi pakhola pomwepo ine ndingatenge 940. Kungoti chifunga cha kwanuko ku Ulónguè chija mu Juni chimabweza kuwalako, mumangoona mbee.

Zowombera musayambe nokha, kusaka kumafuna chilolezo ndipo lamulo la ku Mozambique loteteza zachilengedwe la 16/2014 silisekerera. Kawauzeni a SDAE (ofesi yoona za ulimi ndi zachuma) kuboma, mbuzizo muzimangire khola la m'mwamba la mitengo yolimba.