Kuphika opanda tirigu panyumba uku mukufuna kuchepetsa thupi: yankho kwa mayi wa ku Chilomoni

Mayi, mwati adokotala auza mwana wanu kuti asiye zakudya zonse za gluten, inuyo mukufuna kutsitsako thupi, ndipo mukuopa kuti muziphika miphika itatu tsiku lililonse. Mphika umodzi ukwanira. Chosiyana chizikhala kukula kwa chakudya m'mbale ya aliyense basi.

Gluten ndi chinthu chomata chimene chimapezeka mu tirigu ndi mbewu zofanana naye, barele ndi rye. Chimanga, mpunga, chinangwa, mapira, mawere, mbatata, kachewere, nthochi, nyemba, nandolo ndi mtedza zilibe. Choncho nsima ya masana ndi yamadzulo ilibe mlandu, kaya ndi ya mgaiwa, ya ufa woyera kapena kondowole. Vuto lili pa kadzutsa ndi pa chakudya chonyamula kusukulu: buledi, mabanzi, masikono, mandasi, samusa, mabisiketi, chapati ndi supageti, zonsezi ndi tirigu.

Tirigu wina ndi wobisala, ndipo ndi amene amagwetsa mabanja ambiri. Masoseji ambiri ndi poloni amaikamo zinyenyeswa za tirigu kuti zigwirane. Supu wa m'mapaketi, tizokometsera ndiwo tina, soy sauce ndi soya pieces zina zimakhalanso naye, ndiye muziwerenga papaketi. Mukaona mawu akuti wheat, barley, malt kapena rusk, bwezani pashelefu. Zitumbuwa ndi chigumu zogula pamsewu musazikhulupirire: ogulitsa ena amathirako ufa wa tirigu kuti zifufume, ena amakazinga zitumbuwa m'mafuta omwe akazingira mandasi. Thobwa wa chimera cha mawere kapena cha chimanga alibe vuto, koma mahewu a m'botolo yambani mwawerenga kaye.

Ngati matenda ake ndi celiac, amene gluten amawononga matumbo a munthu, ngakhale kanyenyeswa ka tirigu kamapweteka matumbo, mwana osamva kupweteka nthawi yomweyo. Mpeni umene wadula buledi ukalowa m'majarini, majarini onsewo aipa kwa iye. Sefa imene yasefa ufa wa tirigu siyera bwinobwino, mthiko ndi chipande chamtengo nazonso zimasunga ufa m'ming'alu. Chapafupi n'kuchotseratu ufa wa tirigu m'khitchini. Ngati abambo sangakhale opanda buledi, akhale ndi mbale yawo, mpeni wawo ndi majarini awo. Kuchigayo funsaninso ngati amagayako tirigu. Ndipo ngati wina m'banjamo akufuna kukayezetsa matendawa, asayambe wasiya tirigu, chifukwa magazi sadzaonetsa zoona.

Tsopano za thupi lanu. Kusiya gluten pakokha sikuonetsa kusintha pasikelo. Ufa ndi mabisiketi olembedwa gluten free amene mumawaona m'masitolo akuluakulu ku Chichiri nthawi zambiri ndi ufa wa mpunga ndi sitachi, kuwonjezera shuga ndi mafuta kuti zikome. N'zodula, sizikhalitsa m'mimba, ndipo zimanenepetsa ngati buledi yemweyo. Ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku mazira, usipa ndi masamba ku msika wa Limbe.

Mbale yanu muziigawa chonchi: theka masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi ndiwo zomanga thupi, lotsalalo nsima. Kunena mwachindunji, mtanda umodzi waukulu ngati chibakera chanu, osati itatu. Sankhani mgaiwa, chifukwa uli ndi gaga amene amachedwetsa njala. Ufa woyera gagayo anachoka pokonola ndi poviika mphale. Mukasakaniza makapu 3 a mgaiwa ndi kapu imodzi ya ufa wa mapira, nsima imakhalitsa m'mimba, ngakhale ana amayamba aidandaula mtundu. Kondowole alibe gluten inde, koma ndi sitachi yekhayekha, asakhale wa tsiku ndi tsiku. Mwanayo musamuchepetsere chakudya ayi. Iye akufunika kukula, ndipo ambiri odwala celiac amayamba kunenepa matumbo akachira, zomwe ndi zabwino.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa mafuta. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi ma calorie (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 120, ndiye mukamathira ndi botolo mwachindunji mumphika, mpiru umene mumauyesa wochepetsa thupi umaposa nsima. Yezani ndi supuni: ziwiri zikwanira ndiwo za anthu asanu. Nsinjiro ndi yabwino koma ndi yolemera, magalamu 100 a mtedza amapitirira ma calorie 550. Mukatendera nkhwani kapena chisoso, supuni 3 kapena 4 pamphika wa banja lonse, ndipo mafuta musathirenso. Chambo kapena nkhuku muziwotcha kapena kufutsa ndi tomato ndi anyezi; msuzi ukafuna kulimba, phwanyiranimo kachewere mmodzi wophika m'malo mothira ufa. Shuga wa mu tiyi mumudziwa kale: tiyisupuni iliyonse ndi ma calorie 16, ndipo botolo limodzi la zakumwa zoziziritsa kukhosi limakhala ndi matiyisupuni pafupifupi 8.

Kadzutsa wa onse akhoza kukhala phala la mgaiwa wosakaniza ndi soya wokazinga, makapu 4 a chimanga pa kapu imodzi ya soya pokagayitsa, kapena mbatata yophika ndi dzira. Inuyo mbatata imodzi yapakatikati ndi dzira lowiritsa, mwana aonjezere nthochi ndi mkaka. Futali musungire Loweruka.

Chonyamula kusukulu, pangani chigumu chanu. Makapu 2 a mgaiwa wosefa, nthochi 3 zakupsa kwambiri zofinya, mazira 2, kapu imodzi ya chambiko, supuni 2 za mafuta, theka la tiyisupuni ya soda ndi kamchere. Shuga safunika ngati nthochi zili ndi madontho akuda. Sakanizani ufa, nthochi, mazira ndi chambiko, musiye mphindi 15 kuti ufa umwe madzi, kenako soda muthire pomaliza n'kuika pamoto nthawi yomweyo. Mu uvuni ndi madigiri 180 kwa mphindi 35 mpaka 40. Pambaula, makala ochepa pansi, ambiri pachivundikiro. Chikamanyenyeka podula ndiye kuti mazira kapena nthochi zinachepa, poti ndi zimene zikugwira ntchito yomata imene gluten amagwira, kapena mwadula chikadali chotentha. Chikawawa ngati sopo, soda wachuluka. Chikapsa pansi m'kati muli muwisi, moto wapansi unakula. Inuyo kagawo kamodzi, chifukwa nacho ndi ufa.

Dziyezeni kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, pasikelo imodzimodzi. Kutsika theka la kilogalamu pa sabata n'kokwanira, ndipo kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata kumathandiza. Zitunda za ku Chilomoni zikuchitirani ntchitoyo. Ngati mumamwa mankhwala a shuga, kambiranani ndi adokotala musanachepetse nsima, chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri mlingo wa mankhwala ukakhala womwewo.