Kodi aepiskopi angatiuze woti timuvotere?

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera kalata pa imelo. Akuti mu mphakati wawo muli Alomwe, Atumbuka, Asena ndi Achewa, ndipo chiwerengereni kalata ya aepiskopi pa Misa, ena akunong'onezana kuti ikukondera chipani cha chigawo china. Funso lawo: "Kodi Mkatolika akakamizidwa kuvotera yemwe aepiskopi akumufuna?"

Mayi, ayi. Ndipo aepiskopiwo saloledwa kukhala anthu a chipani. Malamulo a Mpingo, pa ndime 285, amaletsa ansembe ndi aepiskopi kutenga udindo wolamulira m'boma, ndipo ndime 287 imawaletsa kutenga mbali m'zipani, kupatula ngati akuluakulu a Mpingo aona kuti ufulu wa Mpingo kapena ubwino wa anthu onse uli pachiswe. Fernando Lugo, yemwe adali episkopi ku Paraguay, adachita kusiya ubusa wake kuti alamulire dziko mu 2008.

Koma sizikutanthauza kuti atseke pakamwa. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno mudawerengedwa kalata ya nyengo ya Lenti yodzudzula malipiro ochepa, kutsekera anthu popanda mlandu komanso mantha omwe adatseka Amalawi pakamwa. Boma la Kamuzu lidati kalatayo ndi youkira, aepiskopi adakafunsidwa ku polisi, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Mudzaiwerenge: simupezamo dzina la munthu woti avoteredwe.

Chimandiwawa ine ndi zomwe zidatsatira. Pa 14 Juni 1993 tidasankha zipani zambiri, koma mu 1994 voti idagawikana ngati nyama ya pa ukwati: kumpoto Chihana, pakati Kamuzu, kumwera Muluzi. Akatolika omwe adamva kalata imodzi pa benchi imodzi adavota aliyense kuyang'ana kwawo. Aepiskopi adakwanitsa kugwedeza boma, koma sadathe kuchotsa funso loti "kwanu n'kuti?" m'mitima ya akhristu awo.

Ndiye zonong'onezanazo zikabukanso mu mphakati, tengani kalatayo muwerenge ndime ndi ndime, ndipo amene akuti ikukondera aloze mzere weniweniwo. Bambo mfumu akayamba kutchula pa guwa dzina la munthu wopikisana nawo pa chisankho, pamenepo muli ndi chifukwa chokadandaula ku bungwe la parishi, kenako kwa Ambuye Episkopi.